Sinyora m'Botolo la Kachasu

Ngauma, 4 Agosto 1971

Alongo anga a Bento,

Moni wa kuno ndi umenewu. Ine ndili bwino, kupatula bondo lamanzere limene limandidzutsa tambala asanaganize zolira. Nkhuku zilipo khumi ndi zinayi, mbuzi zitatu, fodya anatha ndipo chigafa chili pululu. Kaya inu ndi alamu anga kumeneko ku Cuamba? Kunja kwa kalatayi ndalemba Nova Freixo, dzina lake la Chipwitikizi, kuti onyamula makalata asadandaule.

Tsopano nkhani. Sinyora wafa.

Mukumukumbuka, kangaude wamkulu waubweya uja amene mwana wanga Vicente anamutola ku nazale ya fodya n'kumuweta m'bokosi la sopo zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamupeza Lolemba m'mawa kunja kwa una wake, miyendo ataipinda pansi pa mimba. Vicente anandiuzapo kuti akagona chagada ndiye kuti akufundula, osamukhudza. Uyu sanagone chagada. Ndinadikirabe tsiku lathunthu, ndinamugwedeza ndi udzu kasanu, koma ayi.

Mukudziwa kuti chilombo chimenechi sindinachikondepo. Kakhumi ndi kasanu ndi kawiri ndinauza Vicente kuti tsiku lina ndidzachiphwanya ndi nkhwaira, nsapato yanga ya matayala ija. Komaliza ndinanena m'mawa umene galimoto ya tropa inadzamutenga kupita ku usilikali. Iye anandipempha kuti ndimusungire Sinyora wake, ine mtima uli m'malere, n'kumuyankha kuti ukangokhota pa mango apo, nkhwaira ili pano. Anakwera osacheuka. Kuyambira pamenepo wandilembera makalata awiri. Mawu onse pamodzi ndi 64, ndipo 41 mwa iwo ndi ofunsa za kangaude.

Ndamusunga masiku 203. Wadya ziwala 38 ndi mphemvu 17, zonse zogwidwa ndi manja anga, ine mphunzitsi wa zaka 26 pa sukulu ya mishoni, kukwawa m'udzu. Madzi sanasowe m'kachitsekero kake. Wafa ndi ukalamba kapena ndi chisanu cha chaka chino. Koma ndikalemba choncho Vicente sakhulupirira, ndipo inenso ndikanakhala iye sindikanakhulupirira. Mboni yanga ndi mtembo wokha: miyendo isanu ndi itatu, mimba yosaphulika. Choncho mtembowu usawole mpaka mwini wake auone.

Ndinakumbuka njoka ija imene ankaisunga m'botolo ku mishoni. Ndiye dzulo ndinabisa botolo la kukamwa kwakukulu m'kapulana, chitenje changa chija, n'kupita kwa a Laura a kutsidya, ophika kachasu aja amene ndinakawaneneza kwa akatekisita kasanu ndi kanayi. Anandiyang'ana kuchokera kumpango mpaka kuchidendene, anadzaza botolo, n'kunena kuti amadziwa kuti tsiku lina ndidzabwera.

Inu mumagwira ntchito m'chipatala, ndiyankheni zitatu. Choyamba, kachasu akukwana, kapena pakufunika mankhwala anu aja? Chachiwiri, akhoza kukhalamo masiku angati? Chachitatu, Vicente akadali ku kwartelu ya asilikali ya kumeneko, ndipo mumamuona ali wonenepa kapena wowonda? Musamuuze kanthu.

Ndine mlongo wanu,
Anastaziya

Mandimba, 10 Agosto 1971

Amayi,

Tili bwino tonse, ana akusewera, bambo awo a Selemane abwera dzana kuchokera kunyanja ya Amaramba ndi madengu asanu ndi limodzi a nsomba ndipo nyumba yonse ikununkha utsi. Inu muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, musandiyankhe za nkhuku.

Amayi, azimayi awiri a kwathuko anabwera kudzagula nsomba ndipo andiuza zinthu zimene sindinaziyembekezere. Akuti anakuonani mukuoloka mtsinje kuchokera kwa a Laura, chinthu chikutukumuka m'kapulana. Akuti mwayamba kutseka chitseko masana. Wina akuti anasuzumira pawindo n'kukuonani mutakweza botolo kudzuwa, mukuliyang'ana ngati mukulankhula nalo.

Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa kuti kuchoka kwa Vicente kunakusiyani nokha, ndipo iye ndi mutu wake wouma uja sakukulemberani bwino. Koma mowa suthandiza, munkatiphunzitsa ndinu. A Selemane akuti chipinda chosungiramo mchere tikhoza kuchikonza mlungu umodzi, mubwere mudzakhale nafe. Kuno botolo simuliona ngakhale mutalifuna ndi nyali. Mbuzi tidzazitenga, nkhukuzo mugawe.

Yankhani msanga. Mukapanda kuyankha ndibwera ndekha.

Mwana wanu,
Emília

Cuamba, 12 Agosto 1971

Achemwali,

Kalata yanu ndinaiwerenga katatu, kawiri ndekha, kachitatu mokweza kwa alamu anu, amene anaseka mpaka mwana wa oyandikana nawo anadzafunsa ngati kwagwa chinthu. Pepani ndi maliro. Mukanatiuza nthawi ikadalipo tikanatumiza nsalu yakuda.

Mayankho anu ndi awa. Mankhwala a m'chipatala sindingatenge, nkhondoyi yachititsa kuti botolo lililonse likhale ndi mwini wake. Kachasu akwana, koma akhale wamutu, uja woyamba kudontha. Mumuyese motere: viikani kamtengo, yatsani. Akayaka, ndi yemweyo. Akazima, a Laura anakubwezerani kasanu ndi kanayi kaja ndi madzi, mubwererekonso. Mu kachasu wabwino Sinyora akhala zaka zambiri kuposa inu ndi ine.

Ilipo njira ina. Kunali dokotala kuno amene ankasunga tizilombo touma m'mabokosi, ine ndinkamugwirira nyali. Zikuluzikulu ankazing'amba pansi pa mimba ndi lumo, kuchotsa zam'kati, kuikamo thonje, kenako kutambasula miyendo pathabwa ndi singano mpaka ziume. Koma imeneyo ndi ntchito ya dzanja losanjenjemera.

Tsopano konzekani kundikalipira. Vicente anabwera Lamulungu kudzadya nafe. Ndi wowonda pang'ono koma akudya ngati anthu awiri. Ine pakamwa ndinatseka monga munalamulira. Koma atafunsa za kumudzi, alamu anu anayamba kutsokomola, kenako kuseka, kenako kuyang'ana ine, ndipo mnyamatayo si wopusa. Ndinamuuza kuti Sinyora wafa yekha. Anasiya kudya, anasamba m'manja, n'kufunsa kuti, "Anagwiritsa nkhwaira yakumanja kapena yakumanzere?" Za botolo ndinayesa kufotokoza, koma anati amalume, musawaikire kumbuyo achemwali anu. Kakalata kali m'katimu ndi kake.

China n'chakuti gulu lawo likuchoka Loweruka pa 4 Setembro kupita kumpoto. Kumene akupita sanena, ndipo makalata a kumeneko amayenda ngati kamba wodwala. Ngati mboni yanu ikubwera, ifike tsikulo lisanakwane.

Mlongo wanu wolakwa,
Bento

Amayi,

Ndamva. Musavutike kufotokoza, munanena kale. Bokosi lija musaotche, linali labwino, mukhoza kuikiramo mazira. Ine ndili bwino.

Vicente

Ngauma, 18 Agosto 1971

Emília mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa apongozi anga a Selemane ndi kwa adzukulu anga onse anayi. Kalata yako yatenga masiku asanu, ya amalume ako anayi, ndipo zafika pafupifupi pamodzi, ina kundiyesa chidakwa, ina kundiyesa wakupha. Mlungu wabwino umenewu.

Azimayi ako aja ali ndi maso abwino koma mitu yawo ndi yopanda ntchito. Kwa a Laura ndinapitadi. Udzamvanso kuti ndinapitanso dzulo, ndipo zimenezonso n'zoona, chifukwa kachasu woyamba ndinamuyesa ndi moto n'kuzima ngati ndamuviika m'chitsime. A Laura sanakane. Anati ankaganiza kuti munthu woyamba kumene asayambe ndi waukali. Nditawaonetsa chimene chili m'botolo anakhala pansi, n'kundidzazira wamutu weniweni, ndipo atenga mbiri ija kupita nayo mudzi wonse. Lero anthu khumi ndi atatu abwera kudzaona. Ndikuwalola awiriawiri.

M'botolomo muli Sinyora, kangaude wa mlongo wako. Anafa yekha pa 2 Agosto. Vicente akukhulupirira kuti ndinamupha, ndipo wandilembera mawu khumi ndi asanu ndi atatu ozizira ngati mwala wa m'mtsinje. Pa 4 Setembro akupita kumpoto. Kunkhondo anthu amabwerako, ambiri amabwerako, koma ine sindifuna kuti apite ataganiza kuti mayi ake anadikira kuti akhote pa mango n'kumuphwanyira chinthu chokhacho chimene anawasungitsa. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Ndikudziwa kuti a Selemane amapita ku Cuamba ndi nsomba kumapeto kwa mwezi. Undipemphere mwaulemu kuti andinyamulire botololi akapereke kwa amalume ako. Ndilikulunga m'nsanza zitatu, ndiliika m'kadengu ka utuchi. Lisagone cham'mbali.

Chipinda cha mchere chisiyireni mchere.

Mayi ako,
Anastaziya

Mandimba, 21 Agosto 1971

Amayi,

Ndaseka, kenako ndalira, kenako ana andifunsa chimene chandigwira ndipo ndasekanso. Mundikhululukire. Koma inunso, munthu amatseka chitseko masana chifukwa cha kangaude? A Selemane akuti alembe okha yankho lawo, ndawapatsa pepala.

Emília

Apongozi anga olemekezeka,

Ndagwada pokupatsani moni. Nkhani yanu ndaimva ndipo yandikhudza. Vicente ndi mlamu wanga, kangaudeyo ndinamudziwa, tsiku lina anandiyenda padzanja ndipo sindinaiwale.

Chilichonse chimene mungandituma ndinyamula, mbuzi kaya mtondo. Koma mowa, apongozi, chipembedzo changa sichindilola kuunyamula, ngakhale uli ndi mlendo m'kati. Ndinakafunsa akuluakulu a kumzikiti ngati mowa wosungira mtembo uli mowabe. Anakambirana kuyambira pemphero la masana mpaka la madzulo, ena uku ena uku, ndipo pomaliza anandifunsa ngati ndingalumbire kuti palibe amene adzaumwe. Ine njira imeneyo ndimaidziwa. Pali malo atatu pamene asilikali amatitsitsa n'kufufuza katundu. Botolo la kachasu wamutu silingadutse ngakhale poyamba. Adzamuvuula Sinyora ndi zala, adzamuika pambali mwaulemu, n'kumwa.

Nzeru yanga ndi iyi. Mutumizeni kuno ndimuwambe. Ndawamba nsomba zaka makumi awiri, ndipo yanga siiwola ngakhale mvula itagwa mwezi. Moto wochepa, utsi wambiri, masiku awiri. Akauma ndimunyamula m'thumba la malaya anga. Ndinyamuka Lachitatu pa 25.

Mkamwini wanu,
Selemane

Ngauma, 27 Agosto 1971

Alongo anga a Bento,

Kukalipira ndasunga, ndidzakupatsani pamaso. Alamu anga muwauze kuti chifuwa chawocho ndili nawo mankhwala ake.

A Selemane anakana kunyamula mowa, ndipo zifukwa zawo zinali ziwiri, zonse zabwino. Anati amuwambe ngati nsomba. Pamudzi panonso aliyense wasanduka dokotala. Alimi a fodya akuti ndimupachike m'chigafa ndi utsi wa nkhuni zaziwisi, a Laura akuti asachoke m'botolo mpaka tsiku la chiweruzo, akatekisita akuti ndimukwirire ndisiye kusokoneza Akhristu. Ine sindikangana ndi munthu ndisanayese. Ndinagwira ziwala zitatu zofanana. Choyamba ndinachiwamba monga anenera a Selemane: chinada bii, miyendo iwiri inathothoka, ndipo chinanunkhira bwino moti mphaka anachidya. Chachiwiri ndinachikwirira mumchere: chinakwinyika ngati nkhope ya ine ndemwe. Chachitatu ndinachita njira ya dokotala wanu, ndipo chikadali pathabwa ngati chikufuna kudumpha.

Choncho Lolemba pa 23 ndinasamba m'manja, ndinavala magalasi, ndinakhala pakhonde pamene pali kuwala. Ndinamuvuula Sinyora. Lumo linali latsopano. Ndinang'amba pansi pa mimba utali wa chikhadabo, ndinachotsa zam'kati ndi kamtengo ka machesi, ndinaikamo thonje pang'onopang'ono kasanu ndi kawiri mpaka mimba inabwerera mwakale. Ndinasoka ndi ulusi wakuda, misoko isanu. Singano ndili nazo zinayi zokha, ndiye ndinathyola minga ya mthethe. Mwendo uliwonse minga iwiri yopingasa, osabaya, kungogwira. Minga khumi ndi isanu ndi umodzi.

Thabwalo ndalipachika m'chigafa ndi waya, pamthunzi, pamene mphepo imadutsa. Tsiku loyamba nyerere zinatsika ndi waya, ndinapha makumi atatu ndi imodzi. Ndinapaka waya mafuta a nyale, sizinabwererenso.

Koma pa 25, tsiku la ulendo wa a Selemane, mimba inali ikadali yofewa. Ndikanamuchotsa, miyendo ikanapindikanso. Ndinawatumizira mawu kuti apite. Palibenso wina wopita kumeneko mwezi usanathe, ndafunsa anthu asanu ndi awiri.

Ndiye ndikubwera ndekha. Chiphaso cha ulendo ndakatenga kale ku ofesi. Mlembi anandifunsa chifukwa cha ulendo, ndinati kukaonetsa bondo kuchipatala, ndipo si bodza, mudzaliona. Ndigona kwa Emília pa 31, ndikwera mashimbombo, basi ija imene imayenda pakati pa magalimoto a asilikali pa 1 Setembro. Ku Cuamba ndinafikako komaliza zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Akuti msewu masiku ano umayendedwa ndi pemphero. Mapemphero ndili nawo okwanira.

Mukanditengere chilolezo choonana ndi Vicente. Musamuuze chimene ndanyamula, ndipo alamu anga muwatumize kumunda tsiku limenelo.

Anastaziya

Cuamba, 3 Setembro 1971

Emília mwana wanga,

Ndafika bwino. Ndikhala kuno mlungu wina chifukwa amalume ako alipezadi bondo lija ndi mlandu ndipo akulibaya jakisoni, choncho ndati ndikulembere, usamangoyang'ana kumsewu.

Ulendo unatenga maola khumi ndi limodzi. Tinaima kasanu ndi kawiri, katatu kutsika ndi katundu monga ananenera a Selemane. Sinyora ndinamuika m'chitini cha mabisiketi, pa thonje, chitini pamiyendo panga, manja onse awiri pamwamba. Pamalo oyamba msilikali anandilamula kumupatsa chitini kuti atsegule. Ndinamuchenjeza m'Chipwitikizi chabwino kuti atsegule pang'onopang'ono. Sanamve. Analumpha chambuyo mpaka chipewa chinagwa, anzake anamuseka, ndipo pamalo awiri otsatirawo mbiri inali itafika kale ndi galimoto yakutsogolo. Ankangobwera kudzapempha kuona. Mayi wina amene anakhala pambali panga ndi nkhuku anasamukira kumbuyo, ndipo ndinayenda motakasuka.

Dzulo masana amalume ako anandiperekeza ku kwartelu. Anatipatsa maola awiri. Vicente anatuluka atavala zausilikali, mutu atamumeta mpala, makutu ali panja ngati a mbewa. Anandipatsa moni wa manja awiri, wa ulemu wonse, wonga wopatsa mlendo wochokera ku boma. Anafunsa za bondo, za mbuzi, za iwe. Za kangaude sanafunse. Amalume ako anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi munthu woti amuone kusiteshoni, n'kutisiya pansi pa mtengo wa mkesha pafupi ndi mpanda.

Ndinali nditakonza mawu m'mashimbombo, mfundo zisanu ndi imodzi motsatana. Ndinaiwala zonse. Ndinangomuikira chitini pamaondo.

Anatsegula. Kenako anathyola udzu, n'kuyamba kumuyeza monga amachitira wogula fodya ndi tsamba limene akulikayikira. Anayang'ana mwendo uliwonse polumikizira. Anamukweza pachikhatho n'kuyang'ana msana cha kudzuwa. Atamutembenuza anaona ulusi, nkhope inasintha, ndipo ndinazindikira kuti munthu akhoza kuphwanya chinthu n'kuchisoka. Ndinamuuza za lumo ndi thonje, ndi kuti amalume ake ndiwo anandiphunzitsa. Anayang'anitsitsa chilondacho, chowongoka ngati mzere wa m'kope. Anangogwedeza mutu. Sindinadziwe ngati akuvomera kapena akukana.

Pali chinthu chimene sindinauze munthu, ngakhale iwe pamene ndinagona kwanu. Sinyora atatuluka mu kachasu ubweya wake unamatana, anaoneka ngati mwanapiye wogwera m'chitsime. Zimenezo sizinali mbali ya umboni, mtembo unali wathunthu ndithu. Koma sindinathe kumuona choncho. Ndinatenga nthenga ya nkhuku, ndinaidula nsonga, n'kumakhala m'chigafa masana atatu chitseko chotseka, ndikudzutsa ubweyawo mwendo ndi mwendo mpaka unaima monga unkaimira akamva chiwala chikuyenda.

Vicente anamubweza pa thonje. Anamuyandikitsa kumaso, n'kupemerera pang'ono ndi pakamwa. Ubweya unagwedezeka.

"Amayi," anatero, "mwamupesa?"

Ndinati ndi mphepo ya m'chigafa.

"Mphepo ya m'chigafa imagawa mzere pakati pa msana?"

Ndinavomera. Anayamba kuseka, kuseka kwake kuja kwa paphewa kopanda mawu, mpaka anaika chitini pansi kuti asachigwetse. Msilikali wa pachipata anatembenuka kutiyang'ana. Kenako kusekako kunasanduka china, anabisa nkhope m'chipewa, ndipo ine ndinayang'ana njanji mpaka anamaliza. Atamaliza anandifunsa zonse: anadya liti komaliza, anafera mbali iti ya bokosi, ndinkagwira bwanji ziwala ndi bondo limeneli. Nkhani ya a Laura anandibwerezetsa kawiri. Akuti akulembera iwe payekha kuti akufunse za chipinda cha mchere.

Chitini watenga. Akuti mkulu wawo amalola munthu kunyamula chithunzi cha kwawo, ndipo ichi ndicho chake. Sitima yawo inyamuka mawa m'mawa, ndidzakhala pasiteshoni ngakhale amalume ako akuti bondo lipume.

Nthawi itatsala pang'ono anandikumbutsa kuti iye ndinasiya kumupesa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ati chifukwa ankalira ngati mbuzi, pamene kangaude wakufa wapesedwa masana atatu. Ndinamuuza kuti kangaudeyo sanalire. Anawerama pamenepo, anthu akuona, n'kundiikira mutu wometedwawo pamaondo. Ndinati palibe chopesa apa.

Anati, "Yesanibe."

Moni kwa a Selemane ndi ana.

Mayi ako,
Anastaziya